Maola Atatu M'buku la Bambo

Nyumba yathu ya kumalayini a polisi inali nambala 14, yachitatu kuchokera pa mpopi. Ndikatsinzina ndimaionabe: chitseko chobiriwira chimene chinkakana kutsekeka nthawi ya mvula, zenera limene galasi lake limodzi tinamatapo katoni, ndi fungo la polishi limene linalowerera m'makoma mpaka buledi yemwe ankanunkhira jombo. Pano mukukhala anthu ena. Chitseko chija anachipaka utoto wofiira, ndipo ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali ngati ndaona munthu atavala diresi langa.

Bambo anga kupolisi ankawatchula kuti Alembi. Anagwira ntchito zaka 26 osakwezedwa kupita patali, koma pa cholembera panalibe wowafika. Pa kauntala pamakhala buku lalikulu lolembamo chilichonse chochitika, monga amene wabwera kudzadandaula, amene walowa m'chitokosi ndi nthawi imene omangidwa ayenderedwa. Bukulo likakhala m'manja mwa Bambo linkaoneka ngati satifiketi. Ankalemba ndi rula, mzere pansi pa mzere, osasiya mpata ngakhale woti nyerere n'kugonapo. Mabwana akabwera kudzayendera ofesi, anzawo ankatsegula dala masamba a Bambo.

Inenso anandiphunzitsa kulemba ndi rula yomweyo, pa tebulo lodyera.

"Naphuma, chilembo sichithamangitsidwa ndi galu. Khazika ichi pansi kaye, kenako upite kwa chinzake."

Naphuma ndi dzina limene anandipatsa chifukwa ndinabadwa mwezi usanakwane, ndinayamba kuthamanga ndisanakwawe bwinobwino, ndipo mpaka lero tiyi amandiwotcha lilime m'mawa uliwonse. Akati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndinkayankha kuti nkhono ndilibe nayo ntchito. Ankaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kugogoda tebulo ndi rula.

"Anthufe timanama, mwana wanga, koma buku silinama. Tikadzafa tonse, buku lidzatsala likulankhula."

Tsiku langa loyamba kusukulu anandikweza pa kaliyala wa njinga yawo yakuda, atapindapo thaulo kuti zitsulo zisandipweteke. Pa geti ndinalira, ndinagwira lamba wawo osafuna kusiya. Anagwada mu yunifolomu yawo yositidwa ija, maondo pafumbi.

"Lowa, mayi. Ndakubweretsa tsiku loyamba, ndidzakutenganso tsiku lomaliza. Pa njinga yomweyi."

Ine lonjezolo ndinaliiwala. Iwo ankalikumbukirabe.

Mayeso anga omaliza a sekondale anatha Lachinayi, hafu pasiti thu masana. Ndinali ndi mapulani anga. Panali mnyamata wina wokhala kumbuyo m'kalasi, woimba gitala ya zingwe zinayi, amene anandilonjeza kuti tikatuluka andiperekeza mpaka pa mlatho ndipo andiuza kanthu. Zaka ziwiri ndinali ndikudikira kanthu kameneko. Yankho ndinali nditakonza kale, ngakhale mbali imene ndidzayang'ane poyankhapo ndinali nditasankha.

Kutuluka pa geti, ndinangoona Bambo ataima mu yunifolomu, chipewa chili gwa, njinga pambali, thaulo lili pa kaliyala.

"Wamangidwa, mwana wa Alembi!" anzanga anakuwa, kuseka mpaka kugwirana m'mapewa.

Wagitala uja atangoona yunifolomu anasungunuka ngati mchere m'madzi. Wojambula zithunzi amene amaima pa geti masiku oterewa anathamanga n'kutiimika. "Bwana, pomwepo! Mtsikana, tamwetulirani pang'ono!" Sindinamwetulire. Ndinakwera pa kaliyala milomo nditatupitsa, ndipo njira yonse sindinayankhule. Bambo ankapalasa pang'onopang'ono akuimba mluzu. Anadzera njira yaitali, ya ku pulayimale, kuti ndione geti lija. Anandigulira ayisikilimu, ine n'kumusiya asungunukire m'manja. Titafika kunyumba nthawi inali itapitirira folo koloko.

"Ndithamange," anatero, "ndasiya buku lokha."

Tsiku limenelo sanabwerenso kunyumba. M'mawa mwake tinamva kuti wosoka nsapato wa pa kona wafera m'chitokosi.

Panalibe amene sankamudziwa. Ankakhala pa kampando pakhonde la sitolo ya mankhwala, misomali ili kukamwa, akucheza choncho osameza ngakhale umodzi. Jombo za Bambo ankaika zidendene ndi iyeyo. Anamugwira Lachitatu chifukwa foni yobedwa inapezeka m'thumba la nsapato limene munthu wina anamusiyira. Lipoti la dokotala linati anafa ndi kumenyedwa, pakati pa thu koloko ndi folo koloko masana a Lachinayi.

Pa ntchito tsikulo panali anthu atatu: Bambo, a Sajeni, ndi wapolisi wina amene ankamutcha Mphezi chifukwa dzanja lake linkafika mawu asanafike. Onse atatu anamangidwa pa mlandu wakupha. A Sajeni ndi Mphezi anati iwo masana onse anali panja, makiyi a chitokosi anali ndi Alembi, ndipo wosakhulupirira akaone m'buku. M'bukumo munalidi mizere itatu yokongola, ya thu koloko, fili koloko ndi folo koloko, uliwonse ukunena chimodzimodzi: "Ndayendera chitokosi. Onse ali bwino." Pansi pa uliwonse panali siginecha ya Bambo.

Mzinda unawaweruza tsiku lomwelo. Miyala inagwa pa malata a kumalayini. Pa wailesi anthu ankaimba foni kuti khoti n'kutaya nthawi, nsomba ikawola imodzi zonse zawola, angowapereka kwa anthu. Mayi amene ankatigulitsa tomato kuyambira ndili wakhanda anandiyang'ana n'kuphimba dengu lake. Sindinawadabwe. Munthu analowa m'chitokosi akuyenda yekha n'kutuluka atanyamulidwa. Ndikadakhala mwana wa wina, mwina mwala umodzi ukadakhala wanga.

Koma ine ndinkadziwa kumene Bambo anali fili koloko. Ndinali nditakhala kumbuyo kwawo, ndikuyang'ana thukuta pa kolala yawo.

"Amayi, anali ndi ine! Tiyeni tikanene pompano!"

Amayi anali akusita shati ya yunifolomu, yoti palibe akaivale. Sanadzutse mutu.

"Bambo ako ati utseke pakamwa."

"Chifukwa?"

"Ukawafunse wekha. Ine zaka zonsezi ndalephera kuwafunsa chifukwa."

Ndinakawaona Loweruka kundende kumene ankasungidwa podikira mlandu. Chipinda cha alendo chinali ndi benchi lalitali ndi waya pakati, aliyense akukuwa kuti amveke. Bambo anali asanamete. Ndinali ndisanaonepo ndevu zawo, ndipo sindinkadziwa kuti zinali ndi imvi.

"Bambo, mizere ija munalemba nthawi yanji?"

Anayang'ana zikhatho zawo.

"Itatsala pang'ono kukwana thu. Yonse itatu pakamodzi."

Anandifotokozera kuti pa kauntala zimenezi zimachitika. Munthu akafuna kuzemba pang'ono amalemberatu maola a kutsogolo, kuti bwana akatsegula buku apeze zonse zili m'malo. Kwa zaka 26 iwo ankakana, ankakalipira achinyamata pa chinthu chomwechi.

"Kamodzi kokha, Naphuma. Ndinapempha chilolezo, anandikaniza. Ndinati lonjezo la mwana ndi maola awiri okha."

"Ndiye kanenenitu zimenezo! Mlandu wakupha ndi moyo wonse muno, Bambo!"

"Tsitsa mawu."

"Sinditsitsa!"

Anayandikira pa waya. Ankanunkha sopo wachilendo.

"Pochoka ndinapachika makiyi pa msomali. Wosoka uja anandiona pa kazenera ka chitseko. Anandiitana. Anati, Alembi, musachoke, mukachoka anthu awa andiyamba. Ine ndinati ndikubwera pompano." Anagwira waya. "Ukuti ndikaime pamaso pa anthu ndinene kuti ndilibe mlandu? Ndipo ndikanena kuti buku linanama, masamba onse a zaka zija asanduka chiyani? Iwe dikira zotsatira za mayeso ako. Dzina lako lisalowe m'zimenezi."

Belu linalira. Ndinatuluka ndikulira ndi mkwiyo, ndinamenya geti la ndende ndi phazi mpaka chala chinatupa.

Loya wa Bambo anali mayi wochokera ku ofesi yothandiza anthu amene sangathe kudzipezera loya. Mu ofesi mwake mafayilo anali pa tebulo, pa mpando, ena pansi atatsamira khoma. Ankavula nsapato akakhala, ndipo ankayankhula akufufuza pepala lina. Ndinamuuza zonse mpweya umodzi.

"Puma kaye, iwe, ungandifere muno. Mafayilo andikwana kale." Anasiya kufufuza n'kundiyang'ana. "Mvetsera. Kupha ndi mlandu wina. Kusiya ntchito ndi kulemba bodza m'buku ndi mlandu winanso, ndipo umenewo bambo ako sauthawa. Khoti ntchito yake ndi kupatsa munthu aliyense katundu wake. Zimene msewu ukufuna, kapena zimene mtima wa bambo ako ukufuna, khoti siliyendera zimenezo. Koma mawu ako okha ndi opepuka. Mwana aliyense anganene kuti bambo anali ndi ine. Ndani wina anawaona?"

"Sukulu yonse!"

"Sukulu yonse ibwera kudzaikira kumbuyo wapolisi mwezi uno?"

Kenako ndinakumbukira chithunzi chimene sindinakatenge chifukwa cha kunyanyala.

Shopu ya wojambula inali kachipinda kuseri kwa malo ometera. Zithunzi zosatengedwa ankazipanika ndi mapegi pa chingwe ngati zovala: maukwati amene mwina anatha kale, makanda amene pano akuyenda. Chathu chinali chakumapeto, chitayamba kupindika. Bambo akuseka mano onse panja, dzanja pa chishalo. Ine pambali nkhope ngati ndamwa mankhwala owawa. Kumbuyo kwathu kunkaoneka bolodi la pa geti, atalembapo ndi choko tsiku ndi dzina la pepala lomaliza.

"Kamera yanu imasunga nthawi?"

"Imasunga. Bwanji?" Anayang'ana chithunzicho, anandiyang'ana ine, nkhope inasintha. "Ayi, ayi, mlongo. Ine ndimajambula maukwati. Za makhoti ayi. Anthu andiwotchera shopu."

"Ingoonani nthawiyo basi."

Anadinadina kamera monyinyirika. Inali 14:47. Kuchokera kusukulu kufika kupolisi pa njinga ndi mphindi makumi anayi, kwa munthu wothamanga.

"Ndibwera mawa," ndinatero.

"Mawa ndatseka."

"Ndibwera mkuja."

Ndinapita masiku asanu ndi anayi otsatizana. Ndinkakhala pa mpando wa makasitomala, pansi pa nsalu yojambulidwa nyumba yosanja ndi mathithi, osayankhula. Tsiku lachisanu ndi chinayi wojambulayo anaponya chipewa pansi.

"Mwana iwe ndiwe nkhupakupa! Chabwino, ndikanena nthawi yokhayo. Akandifunsa zina ndikomoka."

Koma loya anati popanda Bambo kuvomera, chithunzicho chingokhala chokongoletsa khoma. Ndipo Bambo ankakanabe.

Mlandu unayamba kuyenda ngati kamba wodwala. Tikapita, akuti fayilo sinafike. Tikapitanso, akuti woweruza ali ku msonkhano. Ulendo wina galimoto ya kundende inalibe mafuta. Miyezi inadutsa, zotsatira za mayeso zinatuluka, ndinakhoza, ndipo panalibe amene anaimba nthungululu. Usiku ndinkalota ndikuima m'khoti nditavala zoyera, ndikuyankhula mawu oti anthu onse alire, wagitala uja ali kumbuyo akudziguguda pachifuwa. Kukacha ndinkapeza ndili pa benchi lomwe lija la pakhonde la khoti, ndikuwerenga ming'alu ya simenti.

Pa benchi limenelo, kumapeto kwake, pankakhala mayi wina wochepa thupi, wovala mpango wakuda, mwana ali pamiyendo. Ndinkamudziwa. Anali mkazi wa wosoka nsapato. Miyezi isanu tinakhala benchi limodzi osapatsana moni, pakati pathu pali malo a anthu atatu amene palibe ankafuna kukhalapo.

Tsiku lina mlandu utaimitsidwanso, anthu onse atabalalika, tinatsala awiri. Mwana wake anatsika n'kubwera kudzakoka envelopu imene ndinkayenda nayo paliponse. Chithunzi chinagwa chagada. Mayiyo anachitola kuti andipatse, koma dzanja linaima m'njira.

"Awa ndi bambo ako."

"Eya."

"Liti?"

Ndikadatha kunama. Ndinatchula tsikulo, ndinatchulanso nthawi.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chake chili pa nkhope ya Bambo.

"Ndiye pamene anzawo ankamumenya, iwo ankaseka chonchi."

Ndinasowa poyang'ana. Mawu onse okongola amene ndinkalota aja anathawa.

"Iwe anabwera kudzakutenga," anatero. "Wanga palibe anamutenga."

"Pepani, mayi."

"Pepani ndamva ambiri, sindidziwa poika." Anandibwezera chithunzicho n'kunyamula mwana. "Ngati sanalipo, bwanji sakunena? Anthu akundiuza kuti ndisangalale, onse atatu akafera kundende. Ndisangalale chiyani? Akapita onse ndi bodza limodzi, ine sindidzadziwa amene anamugwira. Sindidzadziwa ngati anaitana munthu, ngati ananena kanthu. Mwana uyu akadzakula ndidzamuuza kuti chiyani? Kuti onse anali bwino?"

Anamanga mwana kumsana n'kumapita, osatembenuka.

Loweruka lotsatira sindinakuwe pa waya. Ndinayesetsa kukhazika chilembo chilichonse pansi ndisanapite kwa chinzake.

"Bambo, ndinayankhula ndi mkazi wake."

Anadzidzimuka ngati ndawathira madzi ozizira.

"Akufuna kudziwa ngati mwamuna wake ananena kanthu. Amene anamva ndinu nokha. Munkandiuza kuti tikadzafa buku lidzatsala likulankhula. Likatsala momwe liliri pano, mwana wake adzawerenga kuti fili koloko bambo ake anali bwino, ndi dzanja lanu."

Anthu m'mbali mwathu ankakuwa za sopo, za ana, za mbuzi yosochera. Belu litalira anaimirira, anayenda mapazi awiri, n'kubwerera.

"Ukamuuze loya abwere Lolemba. Abweretse buku lija, ngati angalole."

Tsiku limene Bambo anaima m'bokosi la mboni, khoti linadzaza mpaka ena anakwera m'mazenera. Kunkatentha, fani imodzi yokha ndi imene inkazungulira, ikulira ngati ikudandaula. Anawapatsa buku. Analigwira ndi manja awiri monga ankachitira kale, anawerenga mizere itatu ija mokweza, kenako anati:

"Zonsezi ndi bodza. Ndinalemba ndine, nthawi imodzi, thu koloko isanakwane. Ndinapachika makiyi pa msomali n'kuchoka."

Phokoso linabuka. Woweruza, bambo wachikulire wa magalasi okhuthala, anagogoda tebulo mpaka kunati zii.

Woimira boma pa mlandu anaimirira akumwetulira. "Ndiye mukutiuza kuti ndinu wabodza, ndipo tikukhulupirireni?"

"Musandikhulupirire ine, bwana. Onani mzere wotsatira."

Loya wathu anapempha kuti bukulo lipite kwa woweruza. Anthu ozolowera kulemberatu maola amasiya mipata pakati, kuti chikachitika china anzawo alembepo ndipo nthawi ziziyenda bwino. Bambo sankadziwa zimenezo, ndipo ngakhale akadadziwa, dzanja lawo silikadalola mpata. Analemba thu, fili, folo mothinana. Ndiye mayi wina atabwera mphindi makumi awiri fili koloko itadutsa kudzanena kuti wataya chiphaso, wolemba anasowa malo. Dandaulo la 15:20 linalembedwa pansi pa mzere wa 16:00. Zilembo zake zinali zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku, ndipo siginecha inali ya a Sajeni, amene analumbira kuti masana onse anali panja.

Woweruza anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso n'kuyang'ananso tsambalo.

Kenako loya anafunsa Bambo ngati womangidwayo ananena kanthu iwo akuchoka. Bambo sanayang'ane woweruza. Anatembenukira ku benchi lachiwiri, kumene kunali mpango wakuda.

"Anati, Alembi, musachoke, mukachoka anthu awa andiyamba. Ine ndinamuyankha kuti ndikubwera pompano."

Mayi uja sanalire. Anangophimba makutu a mwana wake ndi zikhatho, ngakhale mawuwo anali atadutsa kale.

Wojambula anabwera atavala jekete la ukwati, ananena nthawi yake, ndipo sanakomoke. Mayi wa chiphaso uja anapezeka, ndipo anati ali pa kauntala ankamva munthu akubuula mkati. Ine ndinaitanidwa komaliza. Zoyera zija sindinavale, ndinavala siketi yanga ya sukulu chifukwa ndi yokhayo inali yositidwa.

"Mumawakonda bambo anu, eti?" anafunsa woimira boma.

"Eya."

"Moti mungathe kunena chilichonse kuti muwapulumutse?"

"Tsiku limenelo sindinkawakonda, bwana. Anandithamangitsira chibwenzi."

Khoti linaseka, ngakhale wapolisi wa pakhomo. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike. Koma woweruza analemba, ndipo anandifunsa yekha njira imene tinadzera, malo amene tinagula ayisikilimu, ndi nthawi imene tinafika kunyumba. Ndinayankha chimodzichimodzi, osathamanga.

A Sajeni ndi Mphezi nawonso anali ndi maloya awo, anaitana mboni zawo, ndipo anamvedwa masiku atatu athunthu. Ine zinkandinyansa, ndinkafuna zithe. Loya wathu anandikoka khutu. "Mpata umene ukufuna bambo ako apatsidwe, awanso ndi wawo. Khala pansi."

Chigamulo chinawerengedwa patatha miyezi khumi chimangidwire. Awiri aja anapezeka olakwa pa imfa ya wosoka nsapato. Bambo anapezeka osalakwa pa mlandu wakupha, koma olakwa posiya omangidwa opanda wowayang'anira ndi polemba zabodza m'buku la boma. Woweruza anati munthu womangidwa alibe mwendo wothawira, chitetezo chake ndi amene wasunga makiyi. Anawapatsa miyezi khumi ndi isanu ndi itatu, kuwerengera kuyambira tsiku limene anamangidwa. Bambo anawerama pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa nthawi yolondola.

Panja ena ankakuwa kuti apolisi atetezana, mmodzi wapulumuka. Kumalayini ankati Alembi wagulitsa anzake, ndipo akazi a pa mpopi ankasiya kucheza Amayi akafika ndi ndowa. Kalata yotichotsa m'nyumba inabwera sabata yomweyo. Tinanyamula tebulo lija, simbi, rula ndi njinga. Jombo Amayi anazisiya pakhonde zitapolishidwa, sindikudziwa anasiyira ndani. Tinapeza chipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo, kumene mpaka lero m'mawa timadzutsidwa ndi phokoso la malata akutsitsidwa m'galimoto. Wagitala uja ndinamuona kamodzi pa mlatho, akuuza mtsikana wina kanthu.

Tsiku lotuluka Bambo ndinafika pa geti la ndende maola awiri nthawi isanakwane. Njinga ndinali nditaitsuka, matayala nditapopa, thaulo nditapinda pa kaliyala. Mlonda ankangondiyang'ana ndikuzungulirazungulira.

"Mtsikana, ukumba dzenje pamenepo."

Atatuluka ndinatsala pang'ono kuwadutsa. Shati imene analowa nayo inkawalendewera m'mapewa. Anaona njinga, anaona thaulo, kenako anandiyang'ana.

"Naphuma, wafika nthawi yanji?"

"Pompano."

"Wabodza," anatero mlonda.

Anakwera pa kaliyala chammbali, atagwira kathumba kawo. Ndinkaopa kuti andilemera, koma anali opepuka moti mtima unandipweteka. Tinayenda mokhotakhota, iwo akundilangiza kumbuyo. "Pang'onopang'ono. Dzenje ilo. Iwe, mabuleki alipo pa njinga imeneyi!" Ndinkafuna kudzera njira ya kumsika kuti tipewe pa kona, koma anandigwira m'chiuno.

"Dzera njira ya nthawi zonse."

Kampando kaja kanali pomwe paja, pakhonde la sitolo ya mankhwala. Pankakhala mayi uja, atayala pa katoni zingwe za nsapato, mabulashi ndi timabotolo ta polishi. Mwana anali atakula, akusewera ndi chikombole chachitsulo chimene bambo ake ankakhomerapo nsapato.

"Ima," anatero Bambo.

Anatsika, anayenda mpaka pamphepete pa khonde n'kuima manja ali kumbuyo. Ndinkayembekeza kuti anena mawu aakulu, kapena mayiyo atukwana, kapena alira onse awiri ngati m'maloto anga aja. Mayiyo sanawayang'ane kumaso. Anayang'ana kumapazi kwawo.

"Nsapato zimenezo zatha chidendene."

"Zathadi, mayi."

"Wosoka kulibe."

"Ndikudziwa."

Anaimabe pomwepo. Kasitomala anabwera, anagula zingwe zakuda, anapita. Mayiyo anakonza timabotolo take kuti tikhale pamzere. Patapita nthawi anati, osadzutsa mutu, "Ndinamva zimene munanena. Pitani, mwana akudikira."

Bambo sanakwerenso. Anagwira chishalo, ine ndinagwira mahandulo, tinayamba kukankha njinga kulowera kusitolo ya zitsulo. Ankayenda pang'onopang'ono, chidendene chakumanzere chikukhula pansi, ndipo kawiri konse ndinapezeka ndawasiya m'mbuyo, njinga itapendekeka pakati pathu. Kachitatu ndinaima n'kuwadikira.